Kapasita Imene Inatontholetsa Gitala ya a Msosa

Inu amene munagwirapo ntchito ndi mtima wonse, ntchitoyo n'kukuyalutsani pagulu, khalani pansi mumve za Elube Msosa wa ku Biwi.

Linali Loweruka masana, mu holo ya mpingo wina ku Kawale. Kwaya ya achinyamata inkakhazikitsa chimbale chake choyamba, ndipo anthu anadzaza mpaka ena ankasuzumira m'mawindo. Kutsogolo, pampando wapulasitiki, panakhala bambo ake a Elube, a Rabson Msosa, gitala ili pamiyendo. Pafupi ndi phazi lawo panali kabokosi kachitsulo kamene Elube anapanga ndi manja ake.

Nyimbo yoyamba inayenda bwino. Nsambo iliyonse imene bambowo ankakhudza inkalira, kenaka n'kudziyankha yokha chapansipansi mpaka kuzimirira. Amayi a kumbuyo anayamba kululutira.

Nyimbo yachiwiri ili pakati, kabokosi kaja kanaphulika. Kuphulikako kunali kochepa, koma phokoso lake linadutsa mu ampulifaya n'kutulukira m'masipika ngati kulira kwa mfuti. A Msosa maso anali atafa kale ndi matenda a shuga, choncho sanadziwe chimene chachitika. Anadzambatuka pampando, gitala n'kugwa pasimenti. Mwendo unakola waya, iwo n'kugwera pomwepo pamaso pa mpingo wonse.

Kautsi ka fungo loipa kanakwera kuchokera m'kabokosi muja. Anthu ataona kuti palibe moto, ena anayamba kuseka. Munthu wina kumbuyo anati, "Mwana wa a Msosa wapanga bomba."

Elube anamva. Anathamangira kutsogolo kukadzutsa bambo ake, koma sanathe kuyang'ana munthu aliyense kumaso.

Kuti mumvetse chimene chinasweka tsiku limenelo, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Elube analemba mayeso a Fomu 4 kawiri, kawiri konse osakhoza. Anzake atapita kumakoleji, iye anayala tebulo pafupi ndi siteji ya maminibasi ku Biwi n'kumagulitsa machaja ndi mahedifoni. Mayi ake anali atamwalira kalekale, ndipo ndi iye amene ankasamalira bambo ake. Chinthu chimodzi chokha n'chimene chinkamupatsa mtendere: kumasula mawailesi akufa n'kuona zam'kati mwake. Anadziphunzitsa yekha kuwotcherera mawaya poonera mavidiyo pafoni, bandulo ya intaneti ikapezeka.

Bambo ake, paunyamata wawo, ankaimba gitala m'maukwati ndi m'mahotela a mumzinda wa Lilongwe. Ukalamba ndi khungu zitabwera, anthu anawaiwala. Ankakhala pakhonde n'kumakanda gitala yawo yakale yosalumikiza kulikonse. Kawirikawiri ankati, "Gitala yopanda eko ndi ndiwo zopanda mchere." Eko ndi kubwereza kwa mawu kuja, ndipo oimba amakupeza podutsitsa gitala m'kabokosi kapadera mawu asanafike ku ampulifaya.

Tsiku lina mtsogoleri wa kwaya ya ku Kawale anabwera kunyumba kudzawapempha kuti akaimbe nawo nyimbo ziwiri. A Msosa anavomera asanamalize n'komwe kufunsidwa. Mlendo atachoka, anaitana mwana wawo.

"Elube, kabokosi ka eko ungakapeze kuti?"

"Kusitolo sitingakakwanitse, bambo. Koma ndingayese kupanga."

"Yesa, mayi. Ndikufuna anthu amve mmene ndinkamvekera."

Elube anazula zipangizo mu DVD yakufa ya kariyoke ndi m'mawailesi awiri. Chinatsala n'chimodzi: kapasita yoika pakhomo pamene magetsi amalowera. Kapasita ndi kachitini kakang'ono ka miyendo iwiri. Kamasunga magetsi pang'ono n'kuwasalaza kuti mawu asamatuluke ndi mkonono. Pathupi pake pamalembedwa nambala ziwiri. Yoyamba imanena kuchuluka kwa magetsi amene kangasunge. Yachiwiri imanena mavolti, ndiye kuti mphamvu ya magetsi imene kangapirire.

Imene Elube anapeza inali ndi nambala yoyamba yolondola. Yachiwiri inali 10V. Anaiona bwinobwino nambalayo. Anaganiza kuti batire lake ndi la mavolti 9, ndipo 9 safika pa 10, basi n'kuwotcherera. Kunyumba kabokosi kanagwira ntchito. A Msosa anaimba mpaka zala kuwawa, akumwetulira ngati mwana wopatsidwa nsapato zatsopano.

Pa tsiku la mwambo, batire linafooka poyeserera. Achimwene ake a Elube, a Trevor, ndi amene ankayang'anira zokuzira mawu. Anatola adaputa yakale ya kiyibodi.

"Iyi yalembedwa 12. Ndilumikize?"

Nthawi inali itatha, anthu akulowa kale. Elube anazengereza pang'ono, kenaka anati, "Lumikizani, achimwene."

Zotsatira zake mwazimva kale.

Anabwerera kunyumba pa minibasi. A Msosa anagwirira dzanja lawo lotupa pachifuwa. Atafika kunyumba, Elube anasonkhanitsa chowotcherera, mawaya ndi zipangizo zonse n'kuziponya m'thumba la feteleza, n'kulikankhira kunsi kwa bedi. Dzina loti Bomba linamutsatira mpaka kusiteji. Makondakitala ankamuitana nalo, ndipo iye ankangoweramitsa mutu n'kupitiriza kugulitsa machaja.

Dzanja litapola, bambo ake anamufunsa ali pakhonde.

"Kabokosi kaja ukonza liti?"

"Sindidzagwiranso zimene zija, bambo."

"Ine ndinagwapo pasiteji ndili ndi maso anga awiri, ku ukwati wina ku Area 25. Ndinadzuka n'kumaliza nyimbo. Iwe ukuopa chiyani?"

"Munagwa chifukwa cha ine."

"Ndinaimbanso chifukwa cha iwe. Nyimbo yoyamba ija sunaimve?"

Elube anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Mvula itayamba, bambo ake anafunsanso. Ulendo uno Elube anali atatopa, malonda atavuta tsiku lonse, ndipo anayankha mwaukali.

"Kodi mukufuna ndikupheni?"

 Kuyambira pamenepo a Msosa sanatchulenso za eko. Ankakandabe gitala pakhonde, koma pang'ono ndi pang'ono anachepetsa, mpaka inangokhala yotsamira pakona. Elube ankaona, ndipo mumtima ankati tsiku lina adzawapepesa, mwina adzayesanso. Ankaganiza kuti nthawi ilipo.

Nyengo yozizira itafika, shuga anakwera, ndipo a Msosa anamwalira kuchipatala.

Kwaya ya ku Kawale inabwera kudzaimba pamaliro. Atachoka kumanda, mtsogoleri wa kwaya uja anapeza Elube atakhala pamphasa n'kugwada pambali pake kuti amupepese.

"Bambo anu anali munthu wachikhulupiriro," anatero. "Nthawi zonse tikakumana nawo kutchalitchi ankatiuza kuti tiwasungire malo pa chimbale chachiwiri. Ankati mwana wawo akupanga kabokosi kena kabwino koposa kaja, tingodikira."

Elube analira kulira kumene sanalire ngakhale pamene bokosi linkatsikira m'manda. Bambo ake ankamudikira. Ankauza anthu za ntchito imene iye anali ataikankhira kunsi kwa bedi.

Akuluakulu amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Elube anazindikira mochedwa kuti manyazi ake sanamutsekere iye yekha kuunako.

Zovuta zitatha, anatulutsa thumba lija. Anatenga kabokosi kopsa, anakabwereka adaputa ija kwa a Trevor, n'kupita kwa Che Abdullah. Awa anali bambo ochokera ku Mangochi amene anakhazikika ku Biwi kalekale, ndipo ankakonza maampulifaya a m'mizikiti, a m'matchalitchi ndi a anthu obwereketsa zokuzira mawu m'maukwati. Elube ankadutsa pashopu pawo tsiku ndi tsiku koma anali asanalowepo.

"Abambo, sindinabwere kuti mundikonzere," anatero. "Ndikufuna ndidziwe chimene chinachitika."

Che Abdullah anamasula kabokosiko. Kapasita ija inali itang'ambika pamutu, zam'kati zitatuluka ngati thonje lonyowa. Anavala magalasi n'kuwerenga nambala. Kenaka analumikiza adaputa kukhoma, n'kugunditsa mita yoyezera magetsi kumapeto kwa waya wake, n'kutembenuzira mitayo kwa Elube.

Inkaonetsa 17.

"Koma palembedwa 12," anatero Elube.

"Maadaputa akalewa amatero. Amatsika kufika pa 12 akamakoka katundu wolemera ngati kiyibodi. Kabokosi kako n'kopepuka, ndiye magetsi anakwera. Kapasita ya 10 inamwa 17. Inayesetsa ndithu, inapirira nyimbo yathunthu."

"Ndiye kuti pa batire inali bwino?"

"Ngakhale pamenepo unali pamphepete pa phompho. Batire latsopano limapitirira 9 pang'ono. Nambala iyi si chakudya chake, mwana wanga, ndi malire ake. Mlatho akaulemba matani khumi, sudutsitsapo lole ya matani khumi m'mawa ndi madzulo. Umasiya mpata."

"Mpata wochuluka bwanji?"

"Ine ndimatenga magetsi amene alowe n'kuwawirikiza kawiri. Ngati ndi 9, ndimaika ya 25, ya 16 ndikasowa. Ngati ndi 12, ya 25 kapena 35. Ndipo sindikhulupirira zolembedwa pa adaputa ndisanayeze ndekha. Oimba amalumikiza chilichonse chimene chakwana pabowo."

Anatsegula kabati n'kutulutsa kapasita ya 25V, n'kuiika pambali pa yophulika ija. Zinali pafupifupi zofanana msinkhu. Elube anafunsa kusiyana kwa mtengo wake.

"Mwina mandasi amodzi," anatero Che Abdullah.

Elube anayang'anitsitsa tizitini tiwirito. Kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kufunsa ngati angamabwere kudzaphunzira.

"Benchi ilo lili ndi malo. Koma pano timalakwitsa, timayeza, timayambiranso. Wothawa sindimufuna."

Kuyambira pamenepo, m'mawa ankagulitsa machaja, masana ankakhala pabenchi la Che Abdullah. Musaganize kuti zinangoyenda myaa.

Kabokosi kachiwiri kanatuluka ndi mkonono ngati njuchi zili m'sipika. Nambala zonse zinali zolondola, koma kapasita anaizula mu wailesi yakale kwambiri, ndipo inali itauma m'kati. Anaphunzira kuti zina ungatole m'zakufa, koma kapasita ya pakhomo pa magetsi ndi bwino kugula yatsopano.

M'kabokosi kachitatu anaika kapasita chozondotsa. Tizitini timeneti tili ndi mzere mbali imodzi wosonyeza mwendo wa negetivu, ndipo ukasemphanitsa miyendo timaphulika ngakhale mavolti ali ochepa. Inaphulikira pabenchi pomwepo. Fungo lija linamubwezera Elube ku holo ya ku Kawale. Anaimirira n'kutola chikwama chake. Anafika pakhomo, n'kuima. Che Abdullah sanadzutse mutu pa ntchito yawo. Patapita kanthawi Elube anabwerera, n'kukhala pansi, n'kuyamba kuchotsa yophulikayo.

Mantha anamupititsanso mbali ina. Anayamba kuika makapasita akuluakulu a mavolti 400 ochokera m'ma TV, mpaka chivindikiro cha kabokosi chinakana kutseka. Che Abdullah anaseka mpaka kutsokomola.

"Ukufuna kutunga kapu ya madzi ndi mgolo? Nambala yaikulu siikometsa mawu. Imangodya malo. Mantha nawonso akhale ndi malire."

Pang'ono ndi pang'ono dzanja linakhazikika. Elube anazolowera kudzifunsa funso limodzi asanawotcherere kapasita iliyonse: pamalo pano pafika mavolti angati zinthu zikavuta? Za pakhomo pa magetsi ankazipatsa mpata waukulu. Za m'kati, zimene zimangodutsitsa mawu, ankadziwa kuti sizikumana ndi mphamvu yambiri, komabe sankaziika pamphepete.

Vuto linatsala linali la anthu. Nkhani ya ku Kawale inali itafika kutali, ndipo oimba akamva kuti kabokosi kapangidwa ndi mwana wa a Msosa ankaseka n'kubweza. Mabokosi anayi anakhala pashelefu mpaka kuchita fumbi. A Trevor anamulangiza kuti azinena kuti apanga ndi Che Abdullah. Elube anakana.

Woyamba kuyesa anali mayi wina dzina lake Pauline, woimba gitala mu gulu la matamando ku tchalitchi china cha ku Chinsapo. Anabwera kudzakonzetsa ampulifaya, n'kuona mabokosi aja.

"Ndinamva mbiri yanu, asisi," anatero mosabisa. "Ine mtima wanga ndi wofooka. Sindifuna mfuti kuguwa."

Elube anatenga kabokosi kamodzi n'kukalumikiza ku adaputa yomwe ija ya 17. "Khalani apa muimbe mpaka mutope. Ngati kaphulike, kaphulikire pano pamaso panga, osati paphazi panu."

Pauline anaimba masana onse. Anthu odutsa anaima pakhomo kumvetsera. Pomaliza anagwira kabokosiko ndi chikhatho, n'kupeza kali kozizira. Anakatenga.

Lamulungu lotsatira, woimba wa tchalitchi choyandikana nawo anafunsa kumene Pauline anakagula. Kenaka kunabwera anyamata a bandi ya maukwati a ku Area 23. Kenaka ena a ku Mgona ndi ku Chigwirizano. Wina anafuna kabokosi kokalipitsa gitala, wina konjenjemeretsa mawu, ndipo Elube anaphunzira kupanga zonsezo. Pa kabokosi kalikonse ankalemba ndi penti yoyera mavolti oyenera kulumikiza, koma m'kati ankasiya mpata woposa pamenepo, podziwa mmene zinthu zimakhalira mwambo ukayandikira, batire litafooka.

Lero Elube ali ndi shopu yakeyake ku Biwi, mzere umodzi ndi ya Che Abdullah. Tebulo la machaja analisiya. Oimba ochokera m'madera osiyanasiyana a mumzinda amakwera minibasi kudzamufuna, ndipo Loweruka pakhomo pake pamakhala magitala otsamira khoma, eni ake akudikira. Mtsikana amene analephera Fomu 4 kawiri amadya thukuta la manja ake, ndipo mabokosi ake akuimba m'matchalitchi amene iye sanapondemo.

Koma amene amamudziwa amati Elube sasangalala mofika pamtima anthu akamamuyamikira. Tsiku lina Pauline, amene tsopano ndi mnzake wapamtima, anamupeza atangokhala, kabokosi katsopano kali patsogolo pake.

"Mukuganizabe za kapasita ija?" anafunsa Pauline.

"Ayi. Kapasita inandilanda masana amodzi okha. Bambo anakhala ndi moyo miyezi yambiri pambuyo pake, akundipempha. Kwa Che Abdullah n'pafupi, ndikanatha kupita Lolemba lotsatira. Chimene chinandiletsa ndi anthu oseka, ndipo lero ena mwa iwo ndi amene akudikira panjapo."

Pauline anasendera pafupi naye. Anangomugwira dzanja.

Madzi akatayika saoleka. Elube anapeza luso, anapeza dzina, anapeza chakudya cha tsiku ndi tsiku, koma munthu amene ankafunitsitsa kumva ntchito yake sanaimve. Zimenezo palibe angazikonze.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi ntchito imene munaisiya chifukwa inakuchititsani manyazi. Mwina ndi mayeso, mwina ndi bizinesi, mwina ndi luso limene anthu analiseka. Kulakwitsa kuli ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chimapezeka mukafunsa odziwa. Nthawi zambiri chimakhala chaching'ono kuposa mmene mumaopera. Oseka adzaiwala. Koma pali wina amene amakukhulupirirani, amene akuuza anthu kuti mudzadzuka, ndipo sadzakhalapo mpaka kalekale.

Musadikire maliro kuti akudzutseni. Osataya mtima, ndipo osachedwa. Yambiraninso okukondani akadali ndi makutu okumverani.